Kodi mtembo wosungidwa m'chisanu ungadzadzuke? Yankho kwa mayi wa ku Namwera

Funso: Ndine mayi wa ku Namwera. Bambo anga, a zaka 68, anadwala sitiroko chaka chatha ndipo mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka. Mlongo wanga amene ali ku Joni watitumizira kanema pa WhatsApp wosonyeza azungu akutsitsira mtembo m'thanki yofuka nthunzi, akuti munthuyo adzamudzutsa mankhwala a matenda ake akadzapezeka. Iye akuti masiku ano imfa ndi matenda chabe, choncho Asilamufe tisamathamangire kuika maliro. Amalume akwiya, akuti mwanayu Joni yamuzunguza mutu. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga mochale ya pa boma singachite zomwezo?

Yankho: Zikomo mayi, ndipo pepani ndi matenda a bambo. Kanemayo si wopeka. Matanki amenewo alipodi, mitembo ilimodi, ndipo ntchitoyo amaitchula kuti cryonics. Chimene makanema oterewa sanena n'chakuti chiyambire pa 12 Januwale 1967, tsiku limene anaziziritsa munthu woyamba, James Bedford wa ku California, palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzutsidwapo. Ngakhale galu, kalulu kapena khoswe, palibe amene anazizira kufika pamenepo n'kudzukanso. Bedford mpaka lero ali m'thanki ku Scottsdale, ku Arizona. Eni ake a mabungwe osunga mitemboyi amalemba m'mapepala amene munthu amasaina kuti palibe chitsimikizo. Amagulitsa chiyembekezo chakuti mwina madokotala a zaka 100 kapena 200 zikubwerazo adzakonza zimene lero zikukanika.

Za mochale tichotseretu. Filiji ya mochale imakhala pa madigiri 2 mpaka 4 pamwamba pa ziro. Ntchito yake ndi kuchedwetsa kuwola kuti abale asonkhane, basi. Thupi limawonongekabe, koma pang'onopang'ono. Mitembo imene imachokera ku Joni pa galimoto, kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza, amayamba aibaya mankhwala a fomalini m'mitsempha kuti ipirire ulendo wa masiku angapo. Fomalini amaumitsa mnofu ndi kupha tizilombo towoletsa, koma amaphanso maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, paliponse pamene wakhudza. Thupi lotero limaoneka bwino pa nkhope, koma njira yobwerera kulibe. Thanki ya m'kanema ija ndi nkhani ina: muli naitirojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Ndi yemwe uja alangizi a ziweto amasungiramo mbewu ya nkhunzi m'kabotolo kachitsulo popita kukabereketsa ng'ombe za mkaka. Pa kuzizira kumeneko chilichonse chimaima, kuwola komwe.

Vuto lili pa ulendo wotsika kukafika kumeneko ndi wobwerako, ndipo ife a kunyanja timaliona tsiku ndi tsiku. Tengani chambo chimene chagona sabata m'filiji yoziziritsa kwambiri, chauma gwa. Chiikeni m'beseni chisungunuke. Pansi pa beseni pamatsala madzi ofiirira, mnofu umafewa, mukadina ndi chala dzenje limakhalira, ndipo wogula wodziwa nsomba sanganamizidwe kuti n'cha lero. Madzi amenewo atuluka m'maselo a nsomba. Pozizira, ayezi amayamba kumera pakati pa maselo ngati timasingano, amakoka madzi a m'kati mwa selo, selo imafota, mchere wotsalamo umachuluka mpaka kuiwononga, ndipo timitsempha ting'onoting'ono timang'ambika. Thupi la munthu wamkulu, pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse ndi madzi. Ubongo, kumene kuli chikumbumtima, chilankhulo ndi nkhope za adzukulu, ndi wofewa kuposa mnofu wa chambo, ndipo zonsezo zimakhala m'timalumikizidwe tosaoneka ndi maso.

A cryonics amalidziwa vutoli, n'chifukwa chake saponya mtembo m'thanki mwachindunji. Gulu lawo limadikirira pambali pa bedi la wodwala. Dokotala akangolengeza kuti wamwalira, amamuika m'bafa la ayezi ndi madzi, amamangirira makina opsinja pachifuwa kuti magazi aziyendabe, amapopera mpweya m'mapapo, n'kubaya heparin kuti magazi asachite zibuma. Zonsezi zimayenera kuyamba m'mphindi zochepa, chifukwa ubongo ukasowa okosijeni kwa mphindi 4 mpaka 6 uli wofunda, umayamba kuwonongeka. Kenako amatsegula mitsempha ikuluikulu pachifuwa kapena pakhosi, amatsuka magazi onse, n'kumalowetsa mankhwala oletsa ayezi, mphamvu yake akuikweza pang'onopang'ono kwa maola angapo mpaka mankhwala apose theka la madziwo. Mmodzi mwa mankhwalawo ndi ethylene glycol, yemwe amapezekanso m'madzi a mu rediyeta ya galimoto. Amaboola timabowo pachigaza kuti aziona ngati ubongo ukutupa kapena ukufota. Cholinga n'chakuti thupi liume ngati galasi, lopanda timasingano ta ayezi, zimene zimachitika cha pa madigiri 125 pansi pa ziro. Kuchoka apo amatsitsa mwapang'onopang'ono kwa masiku angapo kufika pa 196. Mtembo amauimika chadodolido, mutu pansi, kuti naitirojeni atati wachepa, mutu ukhale womaliza kutuluka. Thankiyo ili ngati fulasiki ya tiyi yaitali kuposa munthu, siidalira magetsi, koma imafuna kuthiramo naitirojeni wina pafupipafupi chifukwa amauluka.

Pa sitepe iliyonse pali powonongeka. Mankhwala aja pa mphamvu imeneyo ndi poizoni ku maselo. Safika paliponse: munthu wa sitiroko kapena wa mitsempha yotsekeka, mbali ina ya ubongo siilandira mankhwala, ndipo imaundana ngati chambo chija. Ubongo umene walandira bwino umafota kwambiri chifukwa madzi akokedwa. Potsika kuchoka pa 125 kupita pa 196, chinthu chachikulu chimene chauma ngati galasi chimachita ming'alu, monga tambula yotentha mukaithira madzi ozizira. Ndipo chovuta koposa ndi kutenthetsanso. Mukachedwa, ayezi amene munamupewa potsika amamera pokwera. Mukafulumira, kunja kumatentha m'kati mukadali mozizira, chinthucho n'kusweka. Mukapambana zonsezi, mwatsala ndi munthu wakufa amene ali ndi khansa kapena mtima womwe uja unamupha.

Pa tinthu ting'onoting'ono njirayi imagwiradi ntchito, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezekera. Mbewu ya abambo yakhala ikusungidwa m'chisanu kuyambira pamene asayansi a ku England anatulukira mu 1949 kuti mankhwala otchedwa glycerol amaiteteza. Mmodzi mwa ana oyamba ochokera ku mluza woziziritsidwa anabadwa ku Australia mu 1984. Koma mluza wotero ndi kadontho kosaoneka bwino ndi maso, mankhwala amalowa ndi kutuluka m'kanthawi kochepa. Chachikulu chimene chatheka posachedwa chinachitika ku University of Minnesota mu 2023: anasunga impso za makoswe mpaka masiku 100, anazitenthetsa mofanana paliponse pogwiritsa ntchito tizitsulo tosaoneka timene analowetsa m'mitsempha, anaziika mwa makoswe ena, n'kugwira ntchito. Ndi ntchito yaikulu, ndipo tsiku lina ingadzathandize odikira impso. Koma impso ya khoswe ndi magalamu awiri kapena kucheperapo, ndipo inachotsedwa ili yamoyo. Ubongo wa munthu umaposa kilogalamu imodzi.

Mitengo nayo muidziwe. Cryonics Institute ya ku Michigan, imene Robert Ettinger anayambitsa mu 1976, yakhala ikulipiritsa mamembala ake madola 28,000, osawerengera gulu lodikirira lija ndi mayendedwe. Alcor ya ku Arizona yakhala ikulipiritsa madola 200,000 kapena kuposerapo pa thupi lonse, ndi 80,000 pa mutu wokha. Inde, ena amasungitsa mutu wokha, poganiza kuti thupi adzachita kuwapangira lina. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2024, wa K1,750 pa dola, tikunena K49 miliyoni pa yotsika ija ndi K350 miliyoni pa yokwera. Ndalama amafuna zonse pasadakhale, kawirikawiri kudzera mu inshulansi ya moyo, chifukwa anaphunzirapo: mu 1979 ku Chatsworth, ku California, kunapezeka mitembo isanu ndi inayi itasungunuka n'kuwola, abale atasiya kulipira mwezi ndi mwezi ndipo wosunga atalephera kugula naitirojeni. Malo ena osungira ali ku Russia, China, Switzerland ndi Australia. Padziko lonse mitembo yosungidwa chotere ndi mazana ochepa chabe.

Tsono yerekezani kuti ndalamazo zilipo. Munthu wamwalira ku Namwera mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo. Pofika naye pa boma padutsa ola kapena kuposa. Kuchoka pa boma kukafika ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 200. Ndege yolunjika ku America kulibe, muyenera kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo zikalata zotulutsira mtembo sizituluka tsiku limodzi. Pofika kumeneko mitsempha yatsekeka kalekale, mankhwala sangalowe, chotsala n'kungomuumitsa ngati nsomba. Ngakhale okhulupirira cryonics enieniwo amati imeneyo ndi njira yoipitsitsa.

Komabe mlongo wanu musamuseke. Pali mbali imene wagwira. Malire a imfa anasunthadi. Kale mtima ukaima nkhani inkathera pomwepo. Kuyambira 1960, pamene madokotala a ku Baltimore anasonyeza kuti kupsinja pachifuwa kumayendetsa magazi, anthu ambirimbiri abwerera atatsala pang'ono kulirilidwa. Mu 1999 ku Norway, dokotala wina wamkazi, Anna Bågenholm, anagwera mumtsinje woundana n'kukhala pansi pa ayezi mphindi 80. Thupi lake linazizira kufika pa madigiri 13.7, mtima unaima kwa maola, koma anamutenthetsa ndi makina oyendetsa magazi, anachira, n'kubwerera pa ntchito. Madokotala a opaleshoni ya mtima amachita dala zofananazo: amaziziritsa wodwala kufika cha pa madigiri 18, n'kuimitsa magazi kwa theka la ola. Kusiyana kwake n'kumeneku: chisanu chinafika ubongo usanawonongeke, ndipo thupi silinaundane. Chisanu chimateteza wamoyo amene watsala pang'ono kufa, sichibweza amene wapita.

Zimenezi zili ndi ntchito kwathu kuno kuposa thanki ija. Msodzi kapena mwana akavuulidwa m'nyanja sakupuma, anthu amathamangira kumuzondotsa kuti madzi atuluke, ena ayamba kale kulira. Mphindi zimenezo ndi zimene zikanamupulumutsa. Mugonekeni chagada pamalo olimba, mupendeketse mutu chakumbuyo, mutseke mphuno, mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu mukuona chifuwa chikukwera. Kenako manja awiri pakati pa chifuwa, kupsinja ka 30, mozama masentimita 5 kwa wamkulu, mofulumira ngati kawiri pa sekondi, n'kuuziranso kawiri, n'kumabwereza osaleka mpaka atapuma kapena azachipatala atafika. Nthiti ikathyoka musasiye. Ndipo pa nkhani yoika msanga ija, mlongo wanu ali ndi mfundo imodzi yabwino: asanayambe kusambitsa, wachipatala atsimikize kuti munthu wapitadi. Amamvetsera mtima ndi kupuma kwa mphindi zisanu zathunthu, amawalitsa tochi m'maso. Munthu wa shuga wotsika kwambiri, woledzera moipa kapena womwa mankhwala ogonetsa akhoza kuoneka ngati watisiya, kugunda kwa mtima kuli chapansipansi.

Maganizo a anthu pa imfa akusinthadi, koma kuno asintha njira ina, osati ya matanki. Amene anaona zaka za m'ma 1990 akukumbuka mmene maliro a Edzi ankachulukira, adzukulu osapuma, anthu n'kumangoti ndi kaliwondewonde kapena kwawalodza. Ma ARV aulere atayamba mu 2004, anthu amene abale anali atawataya kale mtima anadzuka n'kubwerera kumunda ndi kunyanja. Zaka zimene Mmalawi amayembekezeka kukhala ndi moyo zinali zosakwana 50 cha m'ma 2000, pofika 2019 zinali zitadutsa 60. Mbadwo wa mlongo wanu wakula ukuona matenda akupha akusanduka matenda omwera mapiritsi, choncho si zodabwitsa kuti ukufunsa ngati imfa yeniyeniyo singagonjenso. Kwa azungu kusinthaku kwafika m'makhoti: mu 2016 ku London mtsikana wa zaka 14 wodwala khansa anapempha kuti adzamusunge m'chisanu, makolo ake anasiyana maganizo, ndipo woweruza Peter Jackson anapereka mphamvu kwa mayi ake, amene ankagwirizana naye. Woweruzayo ananenetsa kuti sakugamula ngati cryonics imagwira ntchito kapena ayi.

Kusintha kwina ndi kufuna kudziwa chimene chapha munthu. Ambiri amakanabe kuti thupi lipimidwe, poopa kuti achotsa ziwalo kapena maliro achedwa. Koma taonani chimene chinapezeka ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, makolo ena atalola kuti ana awo omwalira ndi malungo a muubongo apimidwe: pa ana 31, asanu ndi awiri anali atafa ndi matenda ena, malungo anangopezeka nawo m'magazi. Zotsatira zimenezo, zofalitsidwa mu 2004, zinathandiza madokotala kuyamba kuyang'ana m'maso mwa mwana wokomoka kuti asiyanitse malungo enieni a muubongo ndi zina.

Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi inali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri, anasintha ngakhale mwambo wosambitsa. Mtembo wa munthu wa kolera umatulutsabe tizilombo. Azaumoyo amausambitsa ndi kolorini wamphamvu ya magawo 2 pa 100, amatseka m'kamwa, m'mphuno ndi kumusi ndi thonje loviikidwa momwemo, n'kuukulunga m'thumba. Kutsuka m'mimba mwa malemu kumaletsedwa, ndipo amene agwira mtembo saloledwa kuyandikira mphika. Maliro ambiri a kolera amabala maliro ena chifukwa cha nsima ndi madzi osamba m'manja a m'beseni limodzi. Pa nthawi yotero kuika msanga kwa Chisilamu ndi kumene azaumoyo amafuna kwa aliyense.

Apa amalume anu ali pabwino kuposa mmene mlongo wanu akuganizira. Kusambitsa, kukulunga m'sanda, kuswalira jeneza ndi kuika tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake ndi dongosolo loyenerana ndi dziko lotentha ngati lathu, ndipo silisiya banja m'ngongole ya bokosi. Chiphunzitso chakuti kuthyola fupa la wakufa n'chimodzimodzi kuthyola la wamoyo chimasonyeza kale mmene kudula mutu ndi kukhetsa magazi onse kungamvekere kwa Msilamu, ngakhale chigamulo chenicheni n'cha ashehe, osati cha ife azachipatala. Ndingopempha kuti mkanganowu usachitikire pamaso pa bambo. Munthu wa sitiroko amene lilime likumuvuta nthawi zambiri amamva zonse, ndipo kumva ana akukangana za mtembo wako uli moyo n'kowawa.

Chimene chikuopseza bambo panopa ndi sitiroko yachiwiri, ndipo imeneyo ili ndi mankhwala otsika mtengo. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. BP ya bambo ikhale pansi pa 140 pa 90. Mapiritsi, kaya ndi amlodipine, HCTZ kapena ena amene anapatsidwa, ndi a tsiku lililonse moyo wonse. Cholakwika chofala n'kusiya akamva bwino, kapena botolo likatha n'kudikira mwezi wa mawa: BP imakwera mwakachetechete, mutu osapweteka n'komwe. Asipirini asamwe mwa okha, chifukwa ngati sitiroko yawo inali ya kuphulika kwa mtsempha, akhoza kuwonjezera kukha magazi. Mchere wa tsiku lonse usapose kasupuni kamodzi ka tiyi, magalamu 5, kuwerengera ndi wa m'nsomba zouma zothira mchere, soda wa m'therere ndi timabuloko tokometsera ndiwo. Shuga ayezetse, fodya aleke. Ngati amatsamwa pomeza, adye atakhala tsonga, phala lolimbirako, pang'onopang'ono, ndipo asagone pasanathe theka la ola, chifukwa chakudya cholowa m'mapapo chimabweretsa chibayo, chimene chimapha odwala sitiroko ambiri. Ngati amakhalitsa pamphasa, muziwatembenuza maola awiri alionse ndi kuyang'ana kumunsi kwa msana, m'chiuno ndi zidendene ngati pafiira. Mkono wofookawo muziupinda ndi kuuwongola tsiku ndi tsiku, koma osawadzutsa pokoka mkonowo, phewa limaguluka. Mukaona kamwa lapotoka, mawu asokonekera kapena mbali ina yafookanso, musawamwetse kanthu, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Pamene akadali ndi nzeru zawo, afunseni okha zimene akufuna: kumene adzagone, amene adzawasambitse, munda ndi nyumba zidzayende bwanji. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limalola munthu kulemba wilo, kusaina pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale zodzalandira nawo chumacho.

Mlongo wanu ngati akufuna kuchitapo kanthu kuchokera ku Joni, atumize makina oyezera BP a pamkono wam'mwamba, osati a pa dzanja, okhala ndi mabatire apadera, ndi ndalama ya kabaza yopitira ku sikelo mwezi ndi mwezi. Poyeza, bambo akhale pampando mphindi zisanu osalankhula, mapazi pansi, mkono wabwinowo utatsamira patebulo molingana ndi mtima. Muyeze kawiri motalikitsa mphindi imodzi, m'mawa asanamwe mapiritsi ndi madzulo, muzilemba m'kope ndi tsiku lake, n'kumapita nalo kuchipatala pamodzi ndi buku lawo la zaumoyo. Nambala yam'mwamba ikafika 180 kapena yam'munsi 110, ndipo yabwerezanso atapuma, musadikire tsiku la sikelo.